Sayansi pa Yunivesite: Caka Coyamba Ndico Maziko

Makolo ambiri a m'boma la Mulanje amadabwa pakumva kuti mwana wao, amene anasankhidwa kukaphunzira sayansi ku Yunivesite, watha caka cathunthu asanasankhe phunziro limene adzagwira nalo nchito. Ena amayesa kuti nthawi ndi ndalama zapita pacabe. Koma si tero ai.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'caka ca 1964, ndipo ophunzira oyamba analowa m'kalasi ku Chichiri, mu Blantyre, m'mwezi wa September 1965. M'caka ca 1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba, kumene sayansi iphunzitsidwa kufikira lero. Yunivesite ina ya sayansi, yochedwa MUST, inatsegulidwa m'caka ca 2014 ku Ndata, m'boma la Thyolo, pafupi ndi Mulanje.

Ku Zomba digiri ya sayansi imatenga zaka zinai. M'caka coyamba wophunzira amalawa maphunziro angapo pamodzi, ndiponso amaphunzira kulemba ndi kulankhula bwino Cingelezi. Maphunziro akulu ndi anai, ndipo onsewo ali ndi nchito ku Mulanje.

Loyamba ndilo Biology, phunziro la zamoyo. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene unachedwa mtengo wa dziko m'caka ca 1984, watsala pang'ono kutha cifukwa ca macheka ndi moto. Wofuna kuubzalanso ayenera kudziwa m'mene mbeu yace imamerera.

Laciwiri ndilo Chemistry, limene liunika zimene zili m'kati mwa nthaka, madzi ndi miyala. Tiyi amakonda nthaka yowawasa, ndipo akatswiri a ku Mimosa amayesa nthaka asanalangize za feteleza. Dothi la pa Lichenya lili ndi bauxite, amene azipanga naye citsulo copepuka ca mapoto.

Lacitatu ndilo Physics, phunziro la mphamvu. Madzi a m'mipopi yocokera kuphiri amafika m'midzi popanda injini, cifukwa atsika kucokera pamwamba. Mphamvu yomweyo ndiyo ipanga magetsi a ku Bondo. Ndiyonso inagumula mapiri m'mwezi wa March 2023, pamene nthaka inakhuta mvula ya namondwe Freddy, anthu ambiri nafa.

Lacinai ndilo masamu, amene ali ngati muyeso wa onse atatuwo.

Nanga aphunziriranji onse pamodzi? Cifukwa bvuto la m'mudzi silibwera ndi phunziro limodzi. Citsime cikaipa, pafunika wodziwa tizirombo, wodziwa mankhwala ophera tizirombozo, ndi wodziwa kuwerengera muyeso wace. Ndiponso ana ambiri acokera ku sukulu zopanda zipangizo zokwanira. Caka coyamba ciwapatsa mpata wogwira okha zida zoyesera, kuti posankha phunziro lao m'zaka zotsatira asankhe cimene aciona ndi maso.

Tsono khomo lolowera ndilo mayeso a MSCE. Pafunika makirediti asanu ndi limodzi, pamodzi ndi Cingelezi, ndipo wofuna sayansi akhoze bwino masamu ndi maphunziro a sayansi. Kukonzeka kumeneku kuyambira ku pulaimale. Aphunzitsi asalole mwana kuthawa masamu poyesa kuti ngobvuta. Makolo apatse ana nthawi yowerenga madzulo, atsikana ndi anyamata comwe, osawatuma kokachola tiyi kapena kumsika pa masiku a sukulu.