Zotsatira za Kusowa Tulo pa Makolo a Ana Akhanda ku Khonjeni

Mawu Oyamba

Chichewa chili ndi mawu ambiri onena za tulo. Munthu amasinza, amawodzera, amagona tulo tofa nato, kapenanso amachezera usiku wonse osaphethira. Koma mayi amene wadzuka kanayi usiku umodzi kuti ayamwitse, m'mawa n'kulawirira kumunda wa tiyi, akadandaula za kutopa timangomuyankha ndi mwambi wakuti walira mvula walira matope, nkhani n'kuthera pomwepo. M'chimangirizo chino ndifotokoza chifukwa chimene makolo a ana akhanda amasowera tulo ndi zimene vutoli limachita m'mutu, m'thupi ndi m'banja, potengera moyo wa anthu a ku Khonjeni m'boma la Thyolo. Mfundo yanga ndi yakuti kutopa kwa mayi wa khanda ndi nkhani ya zaumoyo, ndipo kumakula pamene usiku wonse tausiya m'manja mwa munthu mmodzi.

Tulo ta Wamkulu ndi Tulo ta Khanda

M'chaka cha 2015 akatswiri a za tulo a ku America anagwirizana kuti munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku uliwonse. Komabe kuchuluka kwa maola pakokha sikukwanira, chifukwa tulo timayenda m'magawo. Munthu akangogona amayamba ndi tulo topepuka, kenaka amalowa m'tulo tofa nato, ndipo pambuyo pake amafika pagawo limene maloto ambiri amabwera. Gawo la malotoli analitulukira Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku Chicago m'chaka cha 1953, ataona kuti maso a munthu wogona nthawi zina amayendayenda mofulumira m'kati mwa zikope. Ulendo umodzi wodutsa magawo onsewa umatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo umabwerezedwa kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Ndi pa ulendo umenewu pamene thupi limatsitsimuka ndiponso ubongo umasunga bwino zimene munthu waona ndi kumva masana.

Khanda limagona mosiyana ndi ife. M'miyezi itatu yoyamba limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma moduladula. Kamimba kake n'kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere suchedwa kugayika, choncho limayamwa maulendo 8 mpaka 12 usana ndi usiku. Ulendo wake wa tulo ndi waufupi, wa mphindi pafupifupi 50. Kuwonjezera apo, khanda silisiyanitsa usana ndi usiku mpaka litakwanitsa miyezi iwiri kapena itatu. Kudzukadzuka kwa mwana wathanzi ndi chilengedwe chake, si matenda kapena kulodzedwa ayi.

Tsono mayi amene akutsatira kagonedwe ka khandali amatha kukwanitsa maola 6 tikawerengera pamodzi, koma onsewo ndi zidutswa. Akangoyamba kulowa m'tulo tofa nato, mwana walira. Zili ngati mphika wa nyemba umene ukuphulidwa pamoto nthawi iliyonse ukayamba kuwira: nkhuni zitha, nyemba osapsa. Kafukufuku wa David Richter ndi anzake, amene anasindikizidwa m'chaka cha 2019 atatsatira makolo oposa 4,600 ku Germany, anapeza kuti m'miyezi itatu yoyamba amayi ankataya pafupifupi ola limodzi la tulo usiku uliwonse, pamene abambo ankataya mphindi zosapitirira 15. Kagonedwe ka makolowo sikanabwerere mwakale kwa zaka 4 mpaka 6 mwana woyamba atabadwa.

Usiku ndi Tsiku la Mayi Wothyola Tiyi

Khonjeni ili m'mbali mwa njanji yochokera ku Limbe kudzera pa Luchenza. Monga m'madera ena a Thyolo, minda ya anthu ndi yaing'ono, ndipo mabanja ambiri amadalira ntchito kapena maganyu a m'maesiteti a tiyi. Ntchito yothyola imachuluka m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphukira kwambiri. Miyezi yomweyi ndi imene kumunda wa chimanga kumafunika kupalira ndi kubandira, chakudya chimakhala chitachepa m'nyumba, ndiponso udzudzu ndi malungo zimakhala zili pachimake.

Monga mmene ndakhala ndikuonera kumeneku, mayi wa khanda amadzuka tambala woyamba atangolira. Amasonkha moto, kutunga madzi, kuchapa matewera ndi kukonzera ana ena phala, kenaka n'kuyamba ulendo wapansi kuti nthawi yoitana mayina imupeze ali pamalo. Tsiku lonse amaima chilili, dengu lili kumsana, manja onse awiri akuthyola masamba awiri ndi kansonga. Masamba amayezedwa pasikelo, ndipo zimene wothyola amapeza zimadalira kukwanitsa mgwazo ndi makilogalamu amene wawonjezera pamwamba pake. Akaweruka, kunyumba kukumudikira nkhuni, ndiwo ndi nsima. Akamadzagona, mwana amakhala akuyamba kumene ntchito yake ya usiku.

Malangizo amene timamva kawirikawiri akuti mayi azigona pamene mwana wagona ndi abwino, koma amayenera munthu amene masana ndi ake. Wothyola tiyi alibe nthawi yobwezera tulo. Ngongoleyo imangokulirakulira sabata ndi sabata.

Zotsatira Zake m'Mutu ndi Pantchito

Choyamba kuonongeka ndi tcheru. Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anaonetsa m'chaka cha 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu mofanana ndi munthu amene wamwako mowa, ndipo akafika maola 24 amafanana ndi woledzera amene lamulo silimulola kugwira chiwongolero. M'chaka cha 2003 Hans Van Dongen ndi anzake ku Pennsylvania anagoneka anthu maola 6 okha kwa masiku 14. Pomaliza anthuwo ankalephera mayeso a tcheru ngati anthu amene achezera usiku umodzi kapena uwiri wathunthu, koma iwo eni ankati akungomva kutopa pang'ono. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani: wosowa tulo sadziwa kuti wafooka motani.

Kwa wothyola tiyi, zimenezi zimaoneka pasikelo. Manja amachedwa, maso amalola masamba okhwima kulowa m'dengu, ndipo kapitawo akawaona amalamula kuti asankhidwe. Makilogalamu akachepa, ndalama nazo zimachepa. Pamtsetse poterera m'nyengo ya mvula, phazi limodzi lolakwika limagwetsa munthu ndi dengu lomwe. Kunyumba, mayi amaiwala mphika pamoto, amasokoneza nthawi yomwetsa mwana mankhwala, kapena kuphonya tsiku la sikelo. Abambo nawo sapulumuka. Mlonda, wogwira ntchito ya usiku m'fakitale kapena wakabaza amene sanagone akhoza kusinza kwa masekondi ochepa osazindikira, ndipo pamakina kapena pamsewu masekondi amenewo ndi okwanira kudzetsa ngozi.

Zotsatira Zake m'Thupi

Thupi nalo limalipira. Sheldon Cohen ndi anzake m'chaka cha 2009 anapeza kuti anthu ogona maola ochepera 7 anali ndi mpata wochuluka pafupifupi katatu wodwala chimfine atapatsidwa kachilombo kake, poyerekeza ndi ogona maola 8 kapena kuposa. Izi zikusonyeza kuti tulo timalimbitsa chitetezo cha m'thupi. M'chaka cha 1999 Karine Spiegel ndi Eve Van Cauter ku Chicago anaona kuti anyamata athanzi amene anagona maola 4 okha kwa masiku 6 anayamba kulephera kutsitsa shuga m'magazi mwachangu. Kusowa tulo kwa zaka zambiri kumayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Mayi amene wangochira kumene, wataya magazi ndipo akuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 monga a zaumoyo amalangizira, ndiye amafunika kupuma kuposa wina aliyense, chonsecho ndiye amene amagona pang'ono m'nyumba monse.

Zotsatira Zake mu Mtima ndi m'Banja

Munthu wosagona amapsa mtima msanga. Seung-Schik Yoo ndi Matthew Walker m'chaka cha 2007 anajambula ubongo wa anthu amene anachezera usiku wonse, ndipo anapeza kuti kachigawo kodzutsa mantha ndi mkwiyo kankatakasuka kwambiri, pamene gawo loletsa ndi kuganiza mofatsa linali litafooka. N'chifukwa chake kankhani ka mchere kapena sopo kamasanduka ndewu m'nyumba ya khanda. Choopsa kwambiri ndi pamene kholo lotopa ligwedeza mwana mwamphamvu kuti atonthole. Khosi la khanda ndi lofooka, ndipo kuligwedeza kotero kukhoza kuvulaza ubongo kapena kupha kumene. Kulira kwa makanda kumafika pachimake ali ndi masabata pafupifupi 6, nthawi yomwe makolo amakhala atatheratu.

Kusowa tulo kumagwirizananso ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amene amagwira amayi akabereka, ndipo ziwirizi zimakokana: wosagona amakhumudwa, wokhumudwa sagona. Ku Thyolo konkuno, Dr Robert Stewart ndi anzake anafunsa amayi 501 amene anabwera ndi ana awo kusikelo pachipatala cha boma. Zotsatira zimene anasindikiza m'chaka cha 2010 zinaonetsa kuti amayi pafupifupi 30 pa 100 alionse anali ndi vuto la kukhumudwa, ndipo pafupifupi 14 pa 100 alionse anali nalo lalikulu. M'chaka cha 2008 iwo anali atalengeza kale kuti ana a amayi ovutika maganizo anali aafupi poyerekeza ndi msinkhu wa anzawo. Kafukufukuyu sankayeza tulo pakokha, ndipo umphawi, matenda ndi kusowa wothandiza zili ndi mbali yake. Komabe limodzi mwa mafunso 20 amene anagwiritsa ntchito limafunsa ngati munthu akugona bwino. Choncho mayi akamanena kuti tulo sitikubwera ngakhale mwana ali mtulo, akulira pafupipafupi ndipo sakufuna kudya, ayenera kuonana ndi achipatala.

Mwambo, Lamulo ndi Zoyenera Kuchita

Makolo athu ankadziwa kuti mayi wobereka kumene ayenera kupuma. M'chikuta, mayi ankakhala m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, anakubala ndi achemwali ake akumuphikira, kumutungira madzi ndi kumulandira mwana. Pachikamwini, chimene n'chofala pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja a ku Thyolo, mayi amakhala pakati pa abale ake. Koma banja limene lasamukira kumalaini a esiteti limasiya agogo kumudzi, ndipo nthawi zina agogowo nawonso ali pa ganyu. Mwambo wakuti bambo agone payekha mpaka mwana atatengedwera kumphasa unkathandiza kulera, koma popanda agogo umasiya mayi yekha ndi usiku wonse.

Lamulo lilipo. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 kamodzi pa zaka zitatu, akulandira malipiro onse. Litakonzedwanso m'chaka cha 2021, linapatsanso bambo tchuthi cha masabata awiri, komanso mayi mpata woyamwitsa kawiri pa tsiku nthawi ya ntchito. Tiyenera kuzindikira kuti masabata 8 amatha mwana asanayambe kusiyanitsa bwino usana ndi usiku. Ndiponso amene amangogwira maganyu a tsiku ndi tsiku amabwerera msanga kuntchito chifukwa cha njala.

Ndikuona kuti pali zinthu zimene banja lingachite popanda ndalama. Bambo sangayamwitse, koma akhoza kusintha thewera, kugeyetsa mwana, kumuyenda naye mpaka atagona, ndi kutunga madzi m'mawa kuti mayi agone maola atatu kapena anayi mosadukiza. Masana mwana azikhala powala ndi paphokoso la pakhomo, usiku nyali ichepe ndipo asaseweretsedwe. Mwana agonekedwe chagada m'neti, ndipo kholo limene lamwa mowa lisagone naye pamphasa imodzi. Kholo likaona kuti mtima wafika pakhosi, limugoneke mwana pamalo abwino n'kuitana mnansi. Alangizi a zaumoyo akamayeza mwana kusikelo azifunsanso mayi kuti, “Amayi, inuyo mukugona bwanji?”

Mathero

M'chimangirizo chino ndaonetsa kuti khanda limadzuka usiku mwachilengedwe, koma tulo toduladula timachotsa tcheru, kufooketsa thupi, kuchepetsa makilogalamu pasikelo ndi kubweretsa mikangano ndi kukhumudwa. Ku Khonjeni vutoli limakula chifukwa mayi alibe masana obwezera tulo, ndipo thandizo la m'chikuta likuchepa. Kulira kwa mwana sitingakuletse, koma tikhoza kugawana usiku. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndikuti mawuwa akukhudza abambo, agogo, anansi, olemba ntchito ndi achipatala, pakuti mayi akagona bwino mwana ndiye woyamba kupindula.