KAFUPA KAGONTHETSA MUNTHU

 Lero tikamba za mtundu wina wa kugontha umene madokotala aucha otosclerosis.

Poyamba tione m'mene khutu ligwirira nchito. M'kati mwace muli kakhungu kokungika ngati cikopa ca ng'oma. Mau akafika, kakhunguko kanjenjemera, ndipo timafupa titatu tiri kuseri kwace tilandizana kunjenjemerako kufikira m'kati mweni-mweni, mokhala mitsempha yakumvera. Kafupa kotsiriza, dzina lace stapes, ndiko kocepetsetsa mwa mafupa onse a munthu, pakuti utali wace uli ngati mamilimita 3 okha.

Tsono mwa anthu ena fupa latsopano limera mozungulira kafupaka ndi kukagwira zolimba, monga dzimbiri ligwira citseko kuti cisatseguke. Kafupa kakaleka kugwedezeka, mau sapita bwino. Dokotala wa ku Vienna, Adam Politzer, ndiye analongosola bwino nthendayi m'caka ca 1893.

Nthendayi siipweteka, ndipo siiturutsa mafinya. Iyamba kawiri-kawiri munthu ali ndi zaka 20 kapena 30, nikula pang'ono-pang'ono, pena khutu limodzi, koma mwa ambiri makutu onse awiri. Wodwala amva kulira m'khutu ngati nyenje. Alankhula motsitsa, cifukwa mau ace amveka akuru m'mutu mwace. Codabwitsa n'cakuti ena amva bwino pamsika kapena m'basi, m'mene anthu akweza mau, koposa m'nyumba yacete. Nthendayi iyenda m'mtundu, igwira akazi koposa amuna, ndipo mwa akazi ena ikula pa nthawi ya pakati. Icuruka mwa Azungu. Mwa ife anthu akuda ipezeka mwa apo ndi apo.

Inu a ku mgodi, cenjerani pano. Kugontha kobwera ndi phokoso la makina obowola miyala ndi kwina. Phokoso liononga m'kati mweni-mweni mwa khutu, ndipo coonongeka m'menemo sicikonzeka. Cifukwa cace musaleke kubvala zotseka m'makutu panchito. Koma mwa wodwala otosclerosis kawiri-kawiri mitsempha ikali yamoyo. Njira yokha ndiyo yatsekeka, ndipo njira itheka kuitsegula.

M'caka ca 1956, dokotala wa ku Memphis m'dziko la America, John Shea, anacotsa kafupa kogwidwako mwa wodwala wina naikapo kena kopanga, ndipo wodwalayo anayambanso kumva. Opareshoni imeneyi icitika kufikira lero, ndipo mwa odwala 10 pafupi-fupi 9 amva bwino pambuyo pace. Komabe iri ndi ngozi yace, pakuti owerengeka agontheratu khutu lomwelo. Wosafuna opareshoni akhoza kubvala kamakina kokweza mau, ndipo kathandiza ndithu.

Munthu wosamva asauka kwambiri. Anzace amuyesa wamwano posayankha moni, mkazi wace atopa ndi kubwereza mau, ndipo panchito akhoza kuphonya mau omcenjeza za ngozi. Cotero mukaona kuti mufunsa "Mwati ciani?" kawiri-kawiri, kapena mukweza wailesi kufikira ana adandaula, musatokose m'khutu ndi kamtengo, musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba, pakuti sizifika pa kafupako. Pitani kucipatala akakupimeni makutu, ndipo muwauze ngati alipo abale anu ena amene anagontha akali acinyamata. Dokotala ndiye adzasiyanitsa kugontha kwa fupa ndi kwa phokoso.