Owerenga milandu yosafika kupolisi

Mkazi wa kwa Mfumu Mphamba akamenyedwa ndi mwamuna wake, nkhani imayambira kwa ankhoswe, ikakula imapita kwa nyakwawa. Yokafika ku ofesi ya apolisi ya Victim Support Unit pa boma la Lundazi ndi ija yakanika konseku. Choncho apolisi a Zambia akamalengeza chiwerengero cha nkhanza miyezi itatu iliyonse, amawerenga zokhazo zimene zalowa m'kaundula wawo. Chikakwera, kodi nkhanza zachuluka, kapena amayi alimba mtima n'kuyamba kukadandaula? Kaundula sangayankhe, ndipo payekha sangatiuze ngati lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011 likuluma.

Apa m'pamene pamalowera anthu a kafukufuku, aja oyenda khomo ndi khomo atanyamula tabuleti. Ntchito yawo ndi ya nyengo: amaphunzitsidwa masabata angapo, n'kugawidwa m'magulu, aliyense ndi womuyang'anira. Akafika m'dera amayamba alonjera mfumu, koma mfumu sisankha nyumba zoti alowe. Nyumbazo zimasankhidwiratu mwamaere, kuopa kuti angatengedwe kwa okhawo odziwa kuyankhula zokomera akuluakulu.

Chovuta ndi mafunso a nkhanza. Mu kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu, mafunsowa amafunsidwa kwa mkazi mmodzi yekha pakhomo, wofunsa naye ndi mkazi, ndipo pasakhale khutu lachitatu. Taganizani pamudzi pamene apongozi akusenda nyemba pakhonde, ana akusuzumira makina aja, bambo naye watulukira kuchokera kudimba n'kuima chapafupi. Wofunsa amasintha nkhani msangamsanga. Malo obisika akasoweka, gawo lonselo amalisiya. Safunsanso kuti "Kodi amakuchitirani nkhanza?", poti ambiri angakane. Amatchula chinthu chimodzichimodzi: kukankhidwa, kuombedwa khofi, kupotozedwa mkono, kukanyangidwa pakhosi.

Mayankho oterewa ndiwo anasonyeza mu 2018 kuti amayi 36 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Zambia anamenyedwapo chikwanitsire zaka 15, kutsika kuchoka pa 43 mu 2013-14. Wina angathamangire kuyamika lamulo lija, koma wofufuza wosamala sathamanga: m'zaka zomwezo zasintha zinthu zambiri, sukulu za atsikana, mauthenga a pawailesi, mafumu othetsa maukwati a ana.

Chondidandaulitsa ine n'chakuti lipoti la kafukufukuyu limalekezera pa chigawo cha Kum'mawa chonse. Nduna za kwa Mphamba, zimene zimaweruza nkhanizi sabata ndi sabata, sizipezamo nambala ya dera lawo.