Kodi mumadziwa? Za mauta a mtengo ndi anthu amene akuwasemabe

Kodi mumadziwa kuti m'nthawi ino ya mfuti, ku Ulaya ndi ku America kudakali anthu ambirimbiri amene akaweruka kuntchito amakalowa m'kashedi kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusema uta? Mauta a kufakitale ali mbwee m'masitolo, ena mpaka okhala ndi timawilo, koma anthuwa mtima wawo uli pa uta wa mtengo umodzi wopanda chophatikiza. Amasema okha, amalasira chandamale, ena amasakira nyama, ndipo amagulitsana ndi kusinthana okhaokha.

Kodi mumadziwa kuti kawirikawiri chipika cha uta sachita kuchicheka ndi sowo? Amachita kuchiwaza ndi mphano kuti ching'ambike motsata mitsempha yake, chifukwa pamene mtsempha wadukapo m'pamene uta udzathyokere. Akawaza amapaka guluu kapena penti kunsonga zonse ziwiri kuti madzi asatuluke mothamanga n'kusiya ming'alu, kenako amakasunga pamthunzi. Ambiri amawerengera chaka chathunthu pa inchi iliyonse ya kunenepa kwa mtengowo. Amafuna kuti chinyezi chitsike kufika cha pa 8 mpaka 10 pa 100 alionse. Mtengo ukauma mopitirira umathyoka, ukakhala wauwisi umapindika osabwereranso.

Nanga zoti uta uli ndi msana ndi mimba? Msana ndi mbali yoyang'ana kumene muvi ukupita, ndipo imatamuka uta ukakokedwa. Mimba ndi mbali yoyang'ana kwa mwini uta, imene imapanikizika. Pa mtengo wa Osage wa ku America, wosema amachotsa khungwa ndi gawo loyera lonse, n'kusankha mzere umodzi mwa mizere ija imasonyeza zaka za mtengo. Mzere umenewo amaulondola ndi mpeni kuchokera kunsonga mpaka kunsonga osauboola ngakhale pang'ono. Pakati pa mizere yolimba pamakhala kagawo kofumbutuka, ndipo mpeni ukafika pamenepo umalira mosiyana, moti wosema amagwira ntchito ndi khutu lomwe. Akafika pa mfundo amaizungulira bwinobwino n'kuisiya yotukuka. Ndicho chifukwa chake mauta ena a Osage amaoneka okhotakhota, koma muvi umapita molunjika ndithu.

Kodi mumadziwa kuti mukawonjezera kawiri m'lifupi mwa uta, kulimba kwake kumawonjezeka kawiri, koma mukawonjezera kawiri kunenepa kwake, kulimba kumawonjezeka kasanu n'katatu? Apa m'pamene pagona luso lonse, ndipo kwa ine ndiye gawo lokoma kuonerera. Wosema amakoleka uta pachipupa, amamangirira chingwe chodutsa pa kawilo ndi pa sikelo, n'kuima chapatali akukoka pang'onopang'ono. Maso ali pa mikono iwiri ya utawo. Pamene pakuuma amapalapo kumimba kangapo chabe, tizipalo topyapyala tikugwa pansi, n'kubwereranso kukakoka. Pamene pakupinda kwambiri amalembapo ndi pensulo kuti asakhudzeponso. Kumsana safikako n'komwe. Akhoza kutha masana onse akupita n'kubwera chonchi, ndipo wopupuluma amangozindikira kuti uta umene amasemera munthu wamkulu wasanduka wa mwana.

Kodi mumadziwa kuti mtengo wa yew uli ngati unabadwira uta? Gawo lake loyera lakunja limapirira kutamuka, pamene mtima wake wofiirira umapirira kupanikizika. Wosema amangosiya loyeralo kumsana, lofiiralo kumimba. Koma mtengowu ndi wa poizoni, choncho ousema amavala chotchinga kumphuno poopa fumbi lake.

Kale Angerezi ankaufuna mtengo umenewu koopsa popangira mauta ankhondo, moti wa kwawo sunkakwanira. Mu 1472 anakhazikitsa lamulo loti amalonda obwera ndi katundu pa sitima azibweretsanso zipika zinayi za mauta pa tani iliyonse. Mitengo inadulidwa m'mapiri a pakati pa Ulaya mpaka mu 1562 boma la Bavaria linalembera mfumu yaikulu ya madera amenewo kuidandaulira kuti kudulako kuleke. Lero osema ambiri amadalira yew wa kumadzulo kwa America, wa m'madera ngati Oregon, ndipo chipika chowongoka chopanda mfundo mtengo wake ndi wolira.

Kodi mumadziwa kuti zambiri zimene osema a lero amadziwa za uta wankhondo wa Angerezi zinachita kuvuulidwa m'nyanja? Sitima ya Mfumu Henry VIII yotchedwa Mary Rose inamira mu 1545 pafupi ndi Portsmouth, ndipo inavuulidwa mu 1982. M'menemo munapezeka mauta athunthu 137 ndi mivi yoposa 3,500. Akatswiri akuti mautawa ankafuna mphamvu ya pakati pa makilogalamu 45 ndi 80 kuti akokedwe. Taganizani kunyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi zala zitatu, osati kamodzi koma mobwerezabwereza! Mafupa a ena mwa amuna amene anafera m'sitimamo akusonyeza kuti mapewa awo anasintha chifukwa chokoka uta kuyambira ali ana.

Mauta akale kwambiri amene anapezeka athunthu ndi a ku Holmegaard m'dziko la Denmark, a mtengo wa elm, ndipo atha zaka pafupifupi 9,000. Mpaka pano anthu akusemabe motengera kapangidwe kake.

Munthu wina amene anapezeka m'madzi oundana m'malire a Italy ndi Austria mu 1991, amene anamutcha Ötzi, anafa zaka zoposa 5,000 zapitazo ali ndi uta wa yew wa mamita 1.8 wosamaliza kusema. M'phodo mwake munali mivi 14, koma yomaliza kukonza inali iwiri yokha. Paphewa pake panali nsonga ya muvi wa munthu wina.

Kodi mumadziwa kuti uta unagulapo hatchi? Katswiri wa zomera John Bradbury, amene anayenda mumtsinje wa Missouri cha m'ma 1810, analemba kuti pakati pa eni nthaka a kumeneko uta wabwino wa Osage unkasinthanitsidwa ndi hatchi ndi bulangete. Mtengowu unkamera m'dera laling'ono chabe la Texas, Oklahoma ndi Arkansas, koma mauta ake ankafika kutali kwambiri podutsa m'manja mwa amalonda. Ukangosemedwa umakhala wachikasu chowala, ndipo ukamakalamba umadera, choncho wogula wozindikira amatha kuona ndi maso ngati uta ndi watsopano kapena wakhalitsa.

Kusinthana kumeneku sikunathe. Osema a masiku ano amapatsana chipika cha Osage ndi cha yew, nthenga za nkhukundembo ndi nsinga za nyama, mivi ndi zikopa. Magulu ena amachita maere: aliyense amapatsidwa dzina la mnzake woti amusemere uta, iyenso n'kumadikira wake kuchokera kwa munthu amene mwina sanaonanepo naye. Poti katundu wamtali amadula kutumiza papositi, ena amatumizirana zidutswa ziwiri zazifupi zimene wolandirayo amadzazilumikiza ndi guluu pa chogwirira.

Ndipo kodi mumadziwa kuti funso loyamba la wosema kwa wogula silikhala la ndalama? Amafunsa kuti mumakoka mpaka pati. Pa uta amalembapo manambala awiri, mwachitsanzo mapaundi 50 pa mainchesi 28, kutanthauza pafupifupi makilogalamu 23 nsinga ikakokedwa masentimita 71. Uta wa mtengo umazolowera mkono wa mwini wake. Munthu wa mikono yaitali akaukoka mopitiriza, umafooka kapena kuthyokeratu. Choncho pakati pa anthuwa kukoka uta wa mnzako osapempha ndi chipongwe chachikulu, ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu, pakuti ntchito ya zaka imatha kuwonongeka m'kuphethira kwa diso. Kukoka n'kutaya nsinga popanda muvi nakonso n'koletsedwa. Akamaliza kuponya amamasula nsinga, uta sugona wokunga.

Kodi mumadziwa kuti chidwi cha mauta a mtengo ku America chinadzutsidwa ndi munthu amene mtundu wake wonse unali utatha? Ishi, womaliza wa mtundu wa Yahi, anatulukira pafupi ndi Oroville ku California mu 1911. Dokotala wake, Saxton Pope, anaphunzira kwa iye kusema uta ndi kusaka. Ishi anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1916, ndipo mu 1923 Pope anatulutsa buku lakuti Hunting with the Bow and Arrow, limene linakopa anthu ochuluka. Mu 1992 kunatulukanso gawo loyamba la The Traditional Bowyer's Bible, mndandanda wa mabuku amene anatsimikizira anthu kuti uta wabwino umatuluka ngakhale m'mitengo wamba, ngakhalenso m'thabwa logula kusitolo, bola mitsempha yake ikhale yowongoka.

Kwathu kuno uta si mlendo, ndipo zimandiwawa kuti agogo amene amadziwa mtengo woyenera ndi kapotedwe ka nsinga akupita osafunsidwa. Kodi mumadziwa kuti muvi wa m'chigwa cha Shire unafika mpaka m'zipatala za ku Ulaya? Cha m'ma 1860, John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anaona Amang'anja akupaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za kombe. Tsiku lina mswachi wake unakhudzana ndi kombe m'thumba, ndipo atatsuka mkamwa anamva kuwawa n'kuzindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaufufuza n'kupezamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin, ndipo kwa zaka zambiri njere za kombe zinali m'gulu la katundu amene Nyasaland inkagulitsa kunja.