Momwe makhoti a ku Nigeria anazengera milandu pa intaneti nthawi ya Covid-19

Pa 4 May 2020, khoti lalikulu la ku Ikeja mumzinda wa Lagos, m'dziko la Nigeria, linagamula kuti bambo wina anyongedwe atapezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Woweruza Mojisola Dada anapereka chigamulochi kudzera pa Zoom, pomwe wozengedwa mlanduyo ankamvera ali kundende ya Kirikiri ndipo maloya anali m'malo osiyanasiyana.

Izi zinachitika chifukwa mu March chaka chomwecho mkulu wa makhoti m'dzikolo, a Tanko Muhammad, anaimitsa kuzenga milandu, kupatula yofunika changu, pofuna kupewa kufala kwa mliri wa Covid-19. Amene ganizoli linawapweteka kwambiri ndi oganiziridwa milandu omwe anali pa rimandi, pakuti khoti likatseka, munthu amene sanapezeke wolakwa amangokhalabe m'chitokosi chothithikana, momwenso matenda amafala msanga. Kuzenga milandu pa intaneti kunathandiza kuti ina mwa milanduyi isaime.

Koma njirayi inadzutsa funso la malamulo. Gawo 36 la malamulo oyendetsera dziko la Nigeria limati mlandu uzengedwe poyera, ufulu umene ku Malawi kuno uli m'gawo 42. Kodi mlandu umene akuumvera okhawo amene apatsidwa njira yolowera pa Zoom, uli poyera? Maboma a Lagos ndi Ekiti anatengera funsoli ku khoti la Supreme, ndipo mu July 2020 oweruza anati kuzenga milandu motere sikunaphwanye malamulo a dzikolo, kenaka maboma awiriwo anachotsa madandaulo awo.

Ngakhale zinatero, mavuto ena chigamulo cha khoti sichikanawathetsa. M'khoti, wozengedwa mlandu amatha kunong'onezana ndi loya wake mboni ikamalankhula, koma akakhala kundende, woyang'anira akaidi ali pambali pake, mwayi umenewo palibe, ndipo nkovuta kuti adandaule ngati akuzunzidwa. Magetsi akathima kapena intaneti ikadukiza, mawu ena a umboni amamudutsa, makamaka ngati akudalira womasulira.

Mabungwe a Amnesty International ndi Human Rights Watch anadzudzula chigamulo cha ku Ikeja. Patangodutsa masiku 11, pa 15 May, khoti la ku Singapore nalo linagamula pa Zoom kuti nzika ina ya dziko la Malaysia inyongedwe pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo.