Citaganya, a Nkumbula ndi Anyezi a ku Soweto

Mwezi wathawu tinagona pamaliro ku Chelstone. Monga mudziwa, azibambo akazungulira moto usiku, nkhani za malemu sizicedwa kutha ndipo ndale zimalowa. Mnyamata wina amene amalima ku Chongwe anadandaula kuti pa msika wa Soweto mtengo wa anyezi wagwa cifukwa ca anyezi ocokera ku Tanzania. Anati cipani cotsutsa cimene cidzalonjeza kutulutsa Zambia mu COMESA ndi SADC ndico adzacivotera. Ambiri anavomereza. Koma mkulu wina wa ku Kabwata, wa zaka zoposa 80, anangomufunsa kuti, "Mwana wanga, kodi za Citaganya unazimvapo?"

Mnyamatayo sanazimvepo, ndipo sindimuimba mlandu. Ine ndemwe ndinabadwa Citaganya citatha kale. Ndinacidziwira kwa atate ndi kwa wansembe amene anatiphunzitsa mbiri ku seminale yaing'ono.

Mu 1953 boma la Britain linamanga pamodzi maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Mafumu ndi anthu akuda a kuno anakana poyera, koma mau ao sanawerengedwe. M'nyumba ya malamulo ya Citaganya munali mipando 35, ndipo anthu akuda anali 6 cabe, awiri dziko lirilonse. Ndalama zambiri za mkuwa wathu zinapita kukamanga kumwera. Kuno anthu anayembekezera damu pa Kafue, koma mu 1955 boma la Citaganya linasankha Kariba, makina a magetsi nawaika tsidya la Southern Rhodesia. Atonga oposa 50,000 anasamutsidwa m'cigwa ca Zambezi. Ngakhale sukulu zinagawidwa: za ana a azungu zinali m'manja mwa boma la Citaganya, za ana athu m'manja mwa boma la kuno. Sukulu imene lero tiicha Kabulonga Boys inali Gilbert Rennie, ndipo mwana wa ku Kabwata sanali kuloledwa kukhala m'kalasi mmenemo.

Cipani cotsutsa ca masiku amenewo cinali African National Congress ca a Harry Mwaanga Nkumbula, mlembi wake wamkulu ali a Kenneth Kaunda. Mu 1953 a Nkumbula anatentha cikalata ca Citaganya pamaso pa khamu muno mu Lusaka, naitanitsa masiku awiri a mapemphero kuti anthu asapite ku nchito. Anchito a m'migodi sanatsatire ndipo zinalephereka. Apa m'pamene pali phunziro limene amuna a pamoto paja anakanganapo mpaka tambala woyamba. Onse m'cipanimo anafuna kutuluka, koma anasiyana pa njira. Pamene atsamunda anabweretsa malamulo atsopano a masankho mu 1958, olola anthu akuda ocepa cabe kuvota, a Nkumbula anati tilowe, tikamenyere m'kati. A Kaunda, a Simon Kapwepwe ndi anzao anati kulowa ndiko kuvomereza. Anacoka mu October 1958 nayambitsa ZANC. Mu March 1959 cipanico cinaletsedwa, a Kaunda natumizidwa ku Kabompo. UNIP inabadwa pambuyo pake, ndipo mu 1961 kunabuka Cha Cha Cha, dzina limene lero liri pa msewu wa m'tauni umene timaguliramo mbeu ndi makasu.

Ambiri amanyoza a Nkumbula kuti anafooka, makamaka cifukwa pa masankho a 1962 anapangana ndi United Federal Party, cipani cenico ca Citaganya. Ine sindiwanyoza kotere. Masankho atatha, UFP inali ndi mipando 16, UNIP 14, ANC 7. Mfungulo inali m'thumba mwa a Nkumbula. Akadakhala ndi a Welensky, ndani adziwa kuti tikadacedwa zaka zingati? Iwo anasankha a Kaunda, ndipo mu December 1962 tinakhala ndi boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda. Citaganya cinatha pa 31 December 1963.

Tsono mkulu wa ku Kabwata uja anati kutuluka kunali koyenera, koma kunali ndi mtengo wake, ndipo amene anali kuimba nyimbo za ufulu sanauwerengere wonse. Njanji, malasha a ku Wankie, magetsi a Kariba, zonse zinali zomangika kumwera. Ian Smith atadzilengeza yekha mu 1965, mafuta anasowa, ndipo anabwera m'migolo pa malole kucokera ku Dar es Salaam pa msewu umene madalaivala anaucha Hell Run. Mu 1973 Smith anatseka malire. Paipi ya TAZAMA mu 1968, mgodi wa Maamba, magetsi a Kafue Gorge, njanji ya TAZARA mu 1975, zonsezi tinazimanga mothamanga ndiponso ndi nkhongole. Tinalipira, koma panalibe njira ina, pakuti m'nyumba imeneyo anatilowetsa mokakamiza.

Apa ndipo ndisiyana ndi mnyamata wa anyezi. Mu SADC ndi COMESA palibe anatikoka. SADCC, kholo la SADC, inakhazikitsidwa muno mu Lusaka pa 1 April 1980, colinga cake kucepetsa kudalira South Africa ya tsankho. Pangano la PTA, limene linabala COMESA mu 1994, linasainidwa muno mu 1981, ndipo likulu la COMESA liri pa Ben Bella Road, kufupi ndi Soweto yemweyo. Ife tiribe nyanja ya mcere. Feteleza wocokera kunja amatsikira pa doko la Dar es Salaam kapena Beira. Cimanga ndi ufa zikacuruka, msika wathu waukulu uli kuseri kwa Kasumbalesa. Ndipo pa cilala ca 2024, boma linakapempha kugula cimanga ku Tanzania komweko kumene kucokera anyezi.

Dandaulo lake sindilitaya. Munthu amene wathirira dimba miyezi inai, nkupeza thumba lake lagwa mtengo pa msika, ali ndi cifukwa cokwiyira. Koma wandale akabwera ndi mau akuti tituluke, mufunseni kuti feteleza adzadzera kuti, ndi kuti soya tidzagulitsa kwa yani. Ku Britain cipani cacing'ono ca UKIP cinaimba nyimbo yotuluka mu European Union kwa zaka zambiri, anthu 52 mwa 100 navomera mu 2016, koma kukonza za malire ndi malonda kunatenga zaka zina zinai ndi mikangano yosatha.

Mnyamatayo sanagonje. Anati COMESA ikhale, koma boma lizitseka anyezi akunja pa nyengo yokolola. Mkulu uja anati zimenezo nzokambirana, ndipo zisiyana ndi kutuluka. Azimai anayamba nyimbo m'nyumba, ndipo tinanyamuka kukakonzekera za kumanda.