Umboni Woona Umachiritsa Mitima

Pa mapemphero a Lachitatu madzulo, mkulu wa mpingo akafunsa ngati alipo amene ali ndi umboni, nthawi zambiri m'tchalitchi mumangoti zii. Ena amawerama, ena amayang'ana pawindo. Komatu pa benchi lomwelo pamakhala mayi amene mwana wake wachira malungo sabata yatha, komanso bambo amene anakana kugwira ntchito pa Sabata koma sanachotsedwe. Akangokhala chete, mnzawo amene wafooka amabwerera kunyumba osamva chimene chikanamulimbitsa.

Kuchitira umboni ndi mwambo wakale pakati pa Adiventi. Mpingo utakhazikitsidwa mu 1863 ku Battle Creek, m'dziko la America, abusa anali ochepa ndipo ankangoyendayenda kulalikira. Masabata ambiri kunalibe ulaliki. Okhulupirira akamaliza kuphunzira Baibulo ankaimirira mmodzimmodzi kufotokoza mmene Mulungu wawayendetsera m'sabatayo. Ellen G. White ankalangiza kuti umboni uzikhala waufupi ndi wolunjika, kuti aliyense apeze mpata. Malemba nawonso amatero: pa Malaki 3:16 timawerenga kuti oopa Yehova ankalankhulana, ndipo Iye ankamvetsera. Pa Marko 5:19 Yesu anabweza munthu amene anamutulutsa ziwanda kuti akayambire kwawo, kwa abale ake.

Choncho malo oyamba a umboni ndi pakhomo. Lachisanu dzuwa likamalowa, banja likasonkhana kulandira Sabata, perekani mphindi ziwiri kwa aliyense, kuyambira wamng'ono. Mwana amene wazolowera kuthokoza pamaso pa makolo ake sadzanjenjemera pa msonkhano wa misasa.

Koma umboni ukhoza kuvulazanso. Munthu akaima n'kunena kuti anataya mankhwala chifukwa wachira mwa chikhulupiriro, wina amene amamwa ma ARV, kapena mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, akhoza kutengera. Matendawa amabisala, munthu amadzimva wamphamvu pamene thupi likuwonongeka mwakachetechete. Kumbukirani kuti pa Luka 17 Yesu anatumiza akhate 10 aja kukadzionetsa kwa ansembe, amene anali ndi udindo woyeza khate. Ngati mwachira, dokotala atsimikize kaye. Ndipo kuchira kudzera m'chipatala ndi ntchito ya Mulungu yomweyo. Mpingo umene unayamba ntchito ku Malamulo mu 1902 n'kumangapo chipatala suchita manyazi kuthokozera mankhwala.

Samalaninso zinsinsi za ena. Ngati banja lanu linagwedezeka ndipo Mulungu walikonza, funsani mnzanuyo musanakambe pagulu. Musatchule amene anakulakwirani, ndipo musawonjezere mchere kuti nkhani ikome. Nenani mmene zinalili, chimene munapempha, ndi chimene Mulungu anachita. Mukatero khalani pansi.

Nanga amene pemphero lake silinayankhidwe monga ankafunira? Iyenso ali ndi umboni. Mayi wamasiye amene anganene kuti mwamuna wake sanachire, koma azimayi a Dorika sanamusiye yekha ndipo akudikirabe tsiku la kuuka kwa akufa, amafika pamtima pa ambiri kuposa nkhani ya chozizwitsa. Ambiri mwa amene akumvetsera akadali m'chigwa chomwecho.

Lachitatu likubwerali, mkulu wa mpingo akafunsanso, imirirani. Mawu atatu kapena anayi ndi okwanira.